Makilomita 1,000 oyamba a injini komanso nthawi yotsitsa oyilo woyamba

Pakati pa ife olankhula Chichewa kuno ku Harare, munthu akanena kuti wagula galimoto yatsopano akhoza kutanthauza zinthu zitatu zosiyana. Wina waitenga kusitolo isanayendepo, wina waitanitsa Honda Fit kapena Toyota Wish kuchokera ku Japan, ndipo wina ali ndi kombi yake yakale ya Hiace imene amakaniko a ku Gazaland ku Highfield aiphwasula injini, aikamo mapisitoni ndi maring'i atsopano n'kuimanganso. Onse atatu amafunsa funso limodzi, lakuti oyilo woyamba atsitse liti, koma yankho lake silifanana, ndipo injini zambiri zimayamba kufuka utsi msanga chifukwa mwini wake anatsatira malangizo oyenera galimoto ya mnzake.

Mkati mwa silinda yatsopano, bowo limene pisitoni imayendamo, simukhala mosalala ngati galasi. Opanga injini amasiyamo dala timizere ting'onoting'ono topingasana, timene timasunga oyilo pang'ono pomwe maring'i, mphete zachitsulo zozungulira pisitoni, akukwera ndi kutsika. M'makilomita oyamba maring'i amapala nsonga za timizereti mpaka atagwirana bwino ndi khoma la silinda, ndipo chimene chimawakankhira kukhomako ndi mphamvu ya mpweya wotentha petulo kapena dizilo akamayaka. Ndiye chifukwa chake injini yatsopano imafuna kugwira ntchito yapakatikati. Mukailekerera ikulira pamalo amodzi kwa maola, poganiza kuti mukuinyengerera, maring'i sakankhika mokwanira, khoma limachita kunyezimira lisanagwirane nawo, ndipo injiniyo imadzakhala yomwa oyilo moyo wake wonse. Mukaithamangitsanso mopitirira, zitsulo zomwe zisanazolowerane zimatentha kwambiri ndipo zimakalana.

Mabuku a galimoto zambiri za Toyota amanena momveka kuti m'makilomita 300 oyamba mupewe kuponda mabuleki mwadzidzidzi, m'makilomita 800 oyamba musakoke ngolo, ndipo m'makilomita 1,000 oyamba musathamange kwambiri, musaponde moto mwadzidzidzi, musayende nthawi yaitali m'magiya ang'onoang'ono, komanso musayende mtunda wautali pa liwiro limodzi losasintha. Langizo lomalizali ndi limene ambiri amaliphonya. Munthu akalandira galimoto, mtima umathamangira kumudzi kuti akaonetse makolo, ndipo amanyamuka kudzera ku Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete mpaka ku Mwanza, phazi lili malo amodzi, katundu atadzaza mpaka kudenga. Ngati ulendowo sungalephereke, chepetsani katundu, muzisinthasintha liwiro, nthawi zina muzichotsa phazi pamoto kuti galimoto ichepetse yokha liwiro ili m'giya, ndipo pa chitunda musaikakamize kukwera ndi giya lalikulu injini ikubuula. M'mawa wozizira wa June ndi July, ilizeni kwa kanthawi kochepa kuti oyilo azungulire, kenaka nyamukani pang'onopang'ono, chifukwa injini imatenthera bwino ikuyenda kusiyana ndi itaima pabwalo.

Kwa amene wagula galimoto yosayendapo, buku la galimotoyo ndi ndondomeko ya sevisi ya amene anakugulitsani ndiye mtsogoleri wanu. Injini za masiku ano zimapangidwa mwaluso kwambiri kuposa za kale, kotero makampani ambiri salamulanso kutsitsa oyilo pa makilomita 1,000. Ine ndimaona kuti kutsitsa msanga kamodzi sikulakwa, makamaka ndi fumbi lathu la mwezi wa August mpaka October, koma kuchitike ku galaja imene ogulitsa amaivomereza, ndi oyilo wa mtundu wolembedwa m'buku, ndipo lisiti lisungidwe, kuti chitsimikizo cha galimoto, lonjezo la ogulitsa loikonza ikavuta, chisawonongeke pa chifukwa chaching'ono.

Galimoto yochokera ku Japan nkhani yake ndi ina. Injini yake inazolowerana kalekale, ndiye palibe chifukwa choiyendetsa mwamantha. Vuto lili pa oyilo amene ali m'katimo, chifukwa simudziwa kuti anathiridwa liti, ndipo galimotoyo yakhala miyezi ikudikira pa msika, m'sitima ndi padoko, ikulizidwa kwa mphindi zochepa n'kuzimitsidwa isanatenthe. Zikatere chinyezi ndi petulo wosapsa zimatsikira mu oyilo. Kwa galimoto yolowera pa malire a Beitbridge, kufika ku Harare ndi makilomita pafupifupi 580, ndipo yodzera ku Dar es Salaam ndi Chirundu imayenda oposa 2,000. Chanzeru n'kuyang'ana oyilo ndi madzi musanachoke pa malire, ndipo ngati oyiloyo ndi wochepa kapena akununkha petulo, msintheni pomwepo. Apo ayi, ikangofika pakhomo tsitsani oyilo ndi kusintha fyuluta musanayambe kuiyendetsa tsiku ndi tsiku. Pano ndichenjeze za chizolowezi chothira 20W-50 m'galimoto iliyonse poti ndi wokhuthala ndipo amaoneka wamphamvu. Injini zing'onozing'ono zambiri za ku Japan zinapangidwira oyilo wopyapyala monga 0W-20 kapena 5W-30, amene amafika msanga m'tinjira topapatiza injini ikangolira. Oyilo wokhuthala amachedwa kufika kumutu kwa injini m'mawa, ndipo nthawi imeneyo ndi imene zitsulo zimadyana kwambiri.

Injini yomangidwanso ndiyo ikufunika chisamaliro chachikulu kuposa zonse, ndipo ndi imene imachisowa, popeza mwini kombi amakhala atawononga ndalama zambiri ndipo amafuna kuti mawa lomwelo ibwerere pa msewu wa Chitungwiza itadzaza anthu. Ku galaja, ngakhale mmisiri akhale waluso chotani, sikukhala kwaukhondo ngati ku fakitale. Tizidutswa ta chitsulo totsala pobowola silinda, fumbi, ndi zomatira zimatsalira m'makona. Tsiku lina ndinaimirira pambali pamene mnyamata wa pagalaja ankatsitsa oyilo woyamba wa injini yotere itayenda makilomita osakwana 800. Oyiloyo ankaoneka woyera ndithu, koma titatulutsa beseni padzuwa n'kulipendeketsa, pansi pake panaoneka kunyezimira kotuwa ngati ufa wa siliva, ndipo titacheka fyuluta n'kutambasula pepala lake tinapezamo timizere ta zomatira zofiira. Zimenezi si zoopsa pa kutsitsa koyamba, koma zikanakhala m'menemo mpaka makilomita 5,000 zikanapitiriza kupala mabeyaring'i, tizitsulo tosalala timene mbali zozungulira za injini zimatsamirapo. Chotero pa injini yomangidwanso tsitsani oyilo ndi kusintha fyuluta pakati pa makilomita 500 ndi 1,000, mutsatire zimene mmisiri wanu wanena za mtundu wa oyilo woyambira, ndipo m'sabata zoyamba muzisolola kachitsulo koyezera oyilo m'mawa uliwonse galimoto itaima pamalo athyathyathya. Kumwa oyilo pang'ono poyamba n'kwachibadwa; chofunika n'chakuti kuzichepa masiku akamapita.

Kuyeza oyilo kulipo kwa mitundu iwiri. Kwapakhomo n'kwa maso ndi mphuno. Oyilo akasanduka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi akulowamo, mwina kudzera pa gasiketi ya kumutu. Akamanunkha petulo kwambiri ndipo mlingo wake ukukwera m'malo motsika, mafuta osapsa akutsikira m'sampu, beseni la pansi pa injini losungira oyilo, zomwe zimachitika kawirikawiri pa galimoto yoyenda timaulendo tatifupi kapena yokhalitsa pa mzere wa galimoto mumsewu wa Seke ndi wa Simon Mazorodze. Kuda kokha si umboni woti oyilo watha, makamaka pa injini ya dizilo imene imadetsa oyilo m'masiku ochepa chifukwa cha mwaye.

Kuyeza kwenikweni kumachitika ku labotale, ndipo makampani a malole ndi a migodi akhala akudalira njira imeneyi kwa zaka zambiri. Amafuna oyilo wochepa, pafupifupi mamililita 100, m'kabotolo koyera kamene amapereka okha. Atengedwe injini ili yofunda, ndipo mulole oyilo woyamba kutuluka adutse kaye kuti mutunge wapakati, chifukwa woyambayo amakokolola zinyalala za pansi pa sampu. Pa kabotolo mulembe mtundu wa oyilo, makilomita a galimoto, ndi makilomita amene oyiloyo wayenda, apo ayi woyezayo alibe poyambira. Kuchuluka kwa zitsulo ndi zina zopezeka mu oyilo kumabwera m'manambala a ppm, kutanthauza magawo angati pa miliyoni. Iron wambiri amaloza ku masilinda, chromium ku maring'i, aluminium ku mapisitoni, pomwe copper ndi lead amaloza ku mabeyaring'i. Sodium ndi potassium akakwera, kawirikawiri ndi madzi oziziritsa injini amene akudontheramo. Amayezanso kukhuthala kwa oyilo pa madigiri 40 ndi 100, ndi mphamvu imene yatsala yolimbana ndi asidi.

Apa pakufunika kudekha. Zotsatira za oyilo woyamba wa injini yatsopano kapena yomangidwanso pafupifupi nthawi zonse zimaonetsa zitsulo zambiri, ndipo silicon, amene kawirikawiri amaloza ku fumbi, amakhala wokwera chifukwa cha zomatira, osati fumbi lokha. Ndaonapo anthu akuthamangira kwa mmisiri ndi pepala m'manja, mkwiyo uli pamphumi, pomwe injini ilibe vuto. Pepala limodzi silinena zambiri. Chimene chimaphunzitsa ndi kuyerekeza: kuyeza kwachiwiri ndi kwachitatu kuyenera kuonetsa manambala akutsika kenaka n'kukhazikika. Ngati silicon akukwerabe limodzi ndi iron ndi chromium, pamenepo fufuzani fyuluta ya mpweya ndi mapaipi ake, chifukwa fumbi likulowa penapake, ndipo kang'alu kakang'ono pa paipi kamatha kudya maring'i m'chilimwe chimodzi pa misewu yafumbi ya ku Epworth kapena ku Hopley.

Kodi aliyense ayenera kuyezetsa? Kwa mwini galimoto imodzi yaing'ono imene imalowa malita atatu kapena anayi a oyilo, mtengo woyezetsa ukhoza kuyandikira mtengo wa oyilo watsopano, choncho kusintha pa nthawi yake n'kokwanira, kupatula ngati pali chokayikitsa. Koma amene ali ndi makombi angapo, lole ya dizilo, kapena injini imene yangomangidwa kumene ndi ndalama zambiri, apindula akayezetsa pa kutsitsa kwachiwiri ndi kwachitatu. Mapepalawo asungidwe pamodzi ndi kabuku kamene mumalembamo tsiku, makilomita, mtundu wa oyilo ndi kumene munamugula, ndipo pogula muzionetsetsa kuti chigubu n'chomatidwa bwino pakamwa, chifukwa oyilo wotungidwa m'mgolo wotsegula m'mbali mwa msewu simungadziwe mtundu wake ngakhale fumbi limene lagweramo.