Kulembedwa ganyu yothyola tiyi ku Mulanje ndi Thyolo

Mwafunsa momwe mungapezere ganyu kuminda ya tiyi. Musananyamuke konzani chiphaso cha unzika, nambala ya foni yogwira ndi chodzitetezera ku mvula.

1. Yambani kufufuza mu Novembala. Tiyi amaphuka kwambiri nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo ndi pomwe maesiteti monga Lujeri ndi Satemwa amafuna anthu ambiri.

2. Lawirirani m'mamawa ku ofesi ya esiteti, mupite nokha osatuma munthu.

3. Ambiri amalakwitsa apa. Wina akati mupereke kangachepe kuti dzina lanu lilowe, musapereke, ntchito sagula. Amayi ndi atsikana, wina akafuna kugona nanu kuti akupatseni malo, kanani ndithu, ndipo kaneneni kwa akuluakulu a esiteti, ku ofesi ya zantchito paboma kapena kupolisi. Njala imapweteka, ndikudziwa, koma woteroyo sakhuta, mawa adzafunanso.

4. Musanasainire, funsani malipiro a patsiku, makilogalamu ofunika kukwanitsa, ndi mtengo wa kilo iliyonse yopitirira. Ngati kuwerenga kumavuta, wina akuwerengereni.

5. Tsamba lanu likamayezedwa pasikelo, yang'anitsitsani, mulembe makilo m'kope lanu tsiku lomwelo.

6. Masabata oyamba msana ndi zala zimawawa, kapitawo nayenso amakalipa. Musasungire nkhawa mumtima kapena kuthawira ku kachasu tsiku la malipiro. Khuthulani kwa anzanu odalirika, ndipo dandaulo la malipiro mupite nalo kwa woimira bungwe la ogwira ntchito pa esitetiyo.