Mukamawerenga mbiri ya Ukraine, fufuzani kaye kuti akukuuzaniyo ndani

Nkhani za Ukraine zikafika pa foni zimabwera ndi mbiri yake yomwe, za njala, za Stalin, za Ayuda omwe anaphedwa, ndiye ambirife timangoti izi ndi za boma la Kyiv kapena za Moscow basi. Koma zambiri zomwe anthu a kumeneko amakumbukira anazitolera ndi ma NGO, ena a ndalama zankhaninkhani ena ongodalira anthu odzipereka. Zili ngati pa maliro paja, wonena mbiri ya malemu sanama ayi, koma amasankha zonena, ndiye muyenera kudziwa kuti waimirirayo ndi wa mbali iti.

Yambani ndi kuona kuti bungwelo linabadwa liti komanso kuti. Tengani nkhani ya Holodomor, njala ya 1932 mpaka 1933 yomwe inapha anthu mamiliyoni. Boma la Soviet linakhala zaka zoposa 50 likukana kuti kunali njala, amene anaisunga nkhaniyi ndi anthu a ku Ukraine okhala kunja, moti chipilala chokumbukira njalayi chinaima ku Edmonton ku Canada mu 1983, Kyiv ikadali chete. Ku Ukraine komweko mabungwe ngati Memorial anayamba mu 1989 kulemba maumboni a nkhalamba ndi kufunsa za manda a ku Bykivnia, pafupi ndi Kyiv, komwe apolisi achinsinsi a Soviet ankakwirira anthu omwe anawapha. Nyumba ya malamulo inadzavomereza kuti njalayi inali kupulula mtundu mu 2006. Pano Loweruka lachinayi la Novembala anthu amayatsa kandulo pa windo, ndipo boma linangoilowera mkati nkhaniyi, oyambitsa ndi ena.

Kenako onani ngati atsogoleri a bungwelo amalowa ndi kutuluka m'boma. Apa ndi pofunika kudekha. Ku Lviv kuli Center for Research on the Liberation Movement, inayamba mu 2002, ndipo m'modzi mwa akuluakulu ake, Volodymyr Viatrovych, anadzakhala mkulu wa malo osungira mafayilo a chitetezo cha boma, kenako kuyambira 2014 mpaka 2019 anatsogolera Ukrainian Institute of National Memory yomwe ndi ya boma. Malamulo a mu 2015 ochotsa zizindikiro za chikomyunizimu anabwera nthawi imeneyo, mayina a misewu ndi mizinda anasintha, Dnipropetrovsk inangokhala Dnipro. Chabwino chake mafayilo a KGB, apolisi achinsinsi a Soviet aja, anatsegulidwa, munthu atha kukapempha fayilo ya agogo ake n'kuwerenga amene anawaneneza. Koma malamulo omwewo analemekeza gulu la UPA, lomwe linkamenyera ufulu wa Ukraine ndi zida nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, pomwe ku Poland amalikumbukira chifukwa chopha anthu wamba a Chipolishi miyandamiyanda m'chigawo cha Volhynia mu 1943, ndipo akatswiri a mbiri ambiri a kunja analemba kalata yodandaula. Ndiye mukawerenga za UPA kuchokera ku bungwe la ku Lviv lija, sakaninso zomwe alemba a ku Poland, osangomeza mbali imodzi.

Chachitatu ndi ndalama, zachokera m'thumba la ndani. Ku Babyn Yar mu Kyiv asilikali a Nazi anawombera Ayuda 33,771 m'masiku awiri okha, pa 29 ndi 30 Seputembala 1941. Mu 2016 kunabadwa Babyn Yar Holocaust Memorial Center, bungwe loima palokha, koma ena mwa oponya ndalama anali Mikhail Fridman ndi German Khan, anthu omwe analemerera ku Russia, ndiye kunabuka mkangano waukulu, ena akuti malo opatulika ngati amenewa sangamangidwe ndi ndalama za ku Moscow ena akuti nanga boma linali kuti zaka zonsezi. Ine ndimaona kuti onse ali ndi mfundo. Inu lowani pa webusayiti ya bungwe lililonse, pitani pomwe alemba za opereka thandizo, pakakhala palibe ndiye kayikirani.

Mukatero pitani ku maumboni enieniwo, osathera pa ndemanga. Yahad-In Unum ya wansembe wa ku France Patrick Desbois, yomwe inayamba mu 2004, inayenda mudzi ndi mudzi kucheza ndi nkhalamba zomwe zinali ana nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, gogo akuloza ndi chala kuti dzenje lomwe anakwiriramo Ayuda owomberedwa linali apo, kenako gulu lija n'kusaka makoko a zipolopolo m'nthaka momwemo. A ku Lviv aja nawonso anaika zikalata zambiri pa intaneti. Zambiri zili m'Chiyukireniya koma Google Translate imathandizako, bola muzisamala ndi mayina chifukwa imawapotoza.

Ndipo muzitsatiranso omwe akulemba za nkhondo ya panoyi. Center for Civil Liberties ya Oleksandra Matviichuk, yomwe inalandira nawo Nobel ya mtendere mu 2022, ndi Kharkiv Human Rights Protection Group akhala akutolera maumboni a anthu ozunzidwa ndi ophedwa kuyambira pomwe asilikali a Russia analowa mu Ukraine. Nobel yomweyo anagawana ndi Memorial ya ku Russia, yomwe khoti la ku Moscow linalamula kuti itsekedwe mu Disembala 2021, ndiye mukasaka dzina loti Memorial onetsetsani kuti mwatsegula iti, ya ku Kyiv kapena ya ku Russia.