Mmene ndimayesera mafuta a m'chiwindi pa tiana ta zebrafish

Ngati mukufuna kuona mmene mowa umaunjikira mafuta m'chiwindi, simufunika kudikira miyezi ndi mbewa. Zebrafish, kansomba kamizeremizere kochokera ku India ndi Bangladesh, kamakupatsani yankho sabata isanathe. Kafukufuku wa 2013 anapeza kuti pafupifupi 70 peresenti ya majini a munthu (tinthu ta m'maselo tomwe timatengera kwa makolo) ali ndi ofanana nawo mwa kansombaka, ndipo tiana take timaonekera mkati ngati galasi.

Madzulo ikani yaikazi ndi yaimuna m'thanki imodzi, pakati muikepo chotchinga. M'mawa magetsi akangoyaka, chotsani chotchingacho, chifukwa ndi nthawi yomwe zimaikira. Pansi pakhale kasefa koti mazira azigweramo, apo ayi makolo omwewo awadya. Mazirawo asungeni m'madzi a E3 (madzi osakaniza ndi timchere, osungiramo mazira a nsombazi) pa 28.5°C. Dzira lililonse loyera mbuu ndi lakufa, lichotseni msanga lisanaononge anzake.

Ambiri amathira mankhwala otchedwa PTU m'madzimo kuti khungu la tianato lisade. Ine sindiikonda, chifukwa imasokoneza chithokomiro. Ngati mungapeze mtundu wa zebrafish wotchedwa casper, womwe sukhala ndi mawanga, tengani umenewo.

Pakatha maola 96 chiikirireni mazira, chiwindi chimakhala chitayamba ntchito. Gawani tianato pawiri: gulu lina lilowe m'madzi okhala ndi ethanol (chinthu choledzeretsa cha mu mowa) wa 2 peresenti kwa maola 32, lina likhale m'madzi wamba. Magulu onsewa achokere kwa makolo amodzi, tsiku limodzi. Apa ndi pomwe ntchito yonse yagona. Kamwana kakamaliza chakudya cha mu yolk (kathumba ka chakudya komwe kamaswa nako) koma osadyetsedwa, chiwindi chake chimadzaza mafuta pachokha, opanda dontho la mowa. Mukayerekeza magulu osiyana msinkhu, mudzanamizira mowa mlandu wa njala. Mbale zomwe muli tianato nazonso muzimate ndi Parafilm (kapulasitiki komatira), chifukwa ethanol amauluka.

Werengetsani bwino: 96 kuphatikiza 32 ndi maola 128. M'maiko a European Union, lamulo la 2010 limateteza tiana tomwe tayamba kudya tokha, ndipo ambiri amawerengera kuyambira masiku 5, omwe ndi maola 120. Choncho chilolezo chipezeni musanayambe.

Nthawi ikakwana, tipheni ndi tricaine (mankhwala ogonetsa nsomba) wambiri, tiviikeni mu paraformaldehyde wa 4 peresenti kuti tisaole, kenako tidayeni ndi Oil Red O, utoto wofiiritsa mafuta. Pa maikulosikopu kagonekeni kamwanako chammbali, kumanzere kuyang'ane kumwamba, poti chiwindi chimaonekera bwino mbali imeneyo. Chikadwala mudzaona timadontho tofiira titati waa m'chiwindimo. Samalani, zotsalira za yolk nazonso zimafiira, ndipo zili pafupi pomwepo. Powerenga, pemphani mnzanu abise maina a mbale, chifukwa diso limakonda kuona zomwe mtima ukufuna.

Musalonjeze zambiri. Chiwindi cha nsombayi chili ndi maselo ambiri ofanana ndi athu, koma sanasanjike m'timagawo monga mwa munthu, ndipo maola 32 si zaka zakumwa. Ngati mukuyesa mankhwala pa tianati, amene achepetsa timadontho tofiirato ayesedwenso pa mbewa.