Kukumbukira EF-Tu, EF-Ts ndi EF-G osaloweza

Anzanga a Biology, ngati mayina atatuwa, a mapuloteni othandiza bakiteriya kupanga mapuloteni ena (ma elongation factor), amakusokonezani ngati momwe ankandichitira ine, siyani kuloweza, jambulani. Puloteni ya bakiteriya muiyese khoma lomwe likumangidwa pa ribosome, makina opangira mapuloteni mu selo. EF-Tu ndi wonyamula njerwa: amabweretsa tRNA, molekyulu yosenza amino acid (njerwayo), pa malo a A a ribosome; codon (zilembo zitatu za malangizo a mRNA) ikagwirizana ndi tRNA amaswa GTP, molekyulu yopereka mphamvu, n'kutula katunduyo. Amachoka ndi GDP, yotsala GTP ikaswedwa, ngati foni yothera moto. EF-Ts ndiye wotchajitsa, amamuchotsa GDP kuti GTP ilowe. Kenako EF-G amasuntha ribosome codon imodzi yokha.

Jambulani kasanu buku lili chitsekere. Mutu umasunga ntchito motsatana kuposa zilembo. Ngakhale funso la fusidic acid, mankhwala olimbana ndi bakiteriya, silivutanso: imamata EF-G pa ribosome, ntchito n'kuima.