Kasanjidwe ndi kasinthidwe ka mafulemu a GIF mu GIMP

Malangizowa ndawalemba kuno ku Mchinji, nditapemphedwa ndi eni shopu ina yosindikiza ku Chipata, omwe anyamata awo amapangira makasitomala tizithunzi toyenda totsatsira malonda, totchedwa GIF, pogwiritsa ntchito GIMP, pulogalamu ya pakompyuta yokonzera zithunzi. Kalembedwe ndi ka kuno kwathu, ndiye pomwe inu mumalemba "cithunzi" mupeza "chithunzi", mundikhululukire. Mayina a mabatani ndawasiya m'Chingerezi monga akuonekera pa sikirini kuti musasochere.

Mawu awiri ndiwo anandivuta. Loyamba ndi frame. Ife tikati fulemu timaganiza za chitseko kapena chithunzi cha pakhoma, koma pano fulemu ndi chithunzi chimodzi pa mndandanda wa zithunzi zobwera mothamangitsana, mpaka diso limaona ngati chinthu chikuyenda. Ndasunga liwu loti fulemu chifukwa ndi lomwe mumasewenzetsa kale. Lachiwiri ndi layer, ndipo ili ndalisiya momwemo. Taganizirani timapepala ta pulasitiki toonekera mbali ina, tosanjikizana, kalikonse kojambulidwa zakezake. Mu GIMP, fulemu imodzi ndi layer imodzi.

Tsegulani fayilo ku File, Open, kenako dinani Ctrl ndi L pamodzi kuti mndandanda wa ma layer uoneke.

Mndandandawu umayambira pansi. Layer ya pansi penipeni ndiyo fulemu yoyamba kuoneka, ya pamwamba ndiyo yomaliza, monga momwe mmisiri amayalira njerwa, yoyamba kuikidwa ndi ya pansi. Ambiri amawerenga motsika n'kudabwa kuti mtengo wa katundu ukubwera dzina la katunduyo lisanaoneke.

Musasunthe fulemu iliyonse musanapite ku Filters, Animation, Unoptimize. Chifukwa chake n'chakuti GIF zambiri zimachepetsedwa kukula mwanzeru: fulemu yoyamba yokha ndiyo imakhala yathunthu, zotsatirazo zimangosunga kachigawo komwe kasintha, kwina konse kulibe kanthu. Fulemu yotere imadalira inzake ya pansi pake. Mukaichotsa pamalo pake, chithunzi chimatuluka chobookabooka ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete. Ine zinandionekera pa ntchito ya mayi wina wogulitsa zitenje pa boma pano. Ndinakhala masana onse kufufuza chomwe ndalakwitsa, kachipangeni kali batani limodzi. Unoptimize imatsegula chithunzi chatsopano chomwe fulemu iliyonse ili yathunthu, ndipo ntchito yonse muigwirire pa chimenecho.

Kusuntha kwenikweniko n'kosavuta. Gwirani layer ndi mouse n'kuikokera pomwe mukufuna, kapena sewenzetsani timivi toloza kumwamba ndi pansi tomwe tili kumunsi kwa mndandanda. Mukafuna kuti zonse ziziyenda chobwerera, pitani ku Layer, Stack, Reverse Layer Order.

Ngati mukufuna kujambula kapena kulemba pa fulemu, yambani mwapita ku Image, Mode, RGB, kuti chithunzi chizilandira mitundu yambiri. GIF ndi yakale, inatuluka mu 1987 kuchokera ku kampani ya CompuServe, ndipo siinyamula mitundu yoposa 256. Mukapanda kusintha, mtundu womwe mwasankha udzasanduka wina woyandikana nawo. Samalaninso ndi zolemba: GIMP imaziika pa layer yakeyake, ndipo layer imeneyo idzawerengedwa ngati fulemu ina. Iphatikizeni ndi ya pansi pake posankha Merge Down.

Nthawi yomwe fulemu imakhala pa sikirini imalembedwa m'dzina la layer, mwachitsanzo Frame 3 (100ms). Dinani dzinalo kawiri n'kusintha nambalayo, mabulaketi musawachotse. Ma ms 1000 ndi sekondi imodzi. Malangizo enieni amathera pomwepa, koma ine ndiwonjezere kuti fulemu yokhala ndi nambala ya foni kapena mtengo muipatse 2000ms kapena kuposa. Kasitomala amawerengera pa kafoni kakang'ono, mwina ali padzuwa mumsika, ndipo nambala ikathawa msanga sabwereranso.

Pambali pa nthawi mungaone liwu loti combine kapena replace. Combine imasanjika fulemu pamwamba pa zomwe zadutsa kale, pomwe replace imafufuta yakale isanaike yatsopano. Ngati kumbuyo kwa chithunzi kulibe mtundu, lembani replace m'mabulaketi m'dzina la layer, apo ayi chinthu choyendacho chizisiya mzere wa zithunzi zake m'mbuyo.

Onani ntchito yanu ku Filters, Animation, Playback. Mukakhutira, bwererani komweko musankhe Optimize ya GIF kuti fayilo ichepe, isadyere anthu bandulo.

Potsiriza pitani ku File, Export As, dzina lithere ndi .gif, ndipo muchonge As animation. Mukaiwala, mafulemu onse amasanduka chithunzi chimodzi chongoima. Loop forever ndiyo imachititsa kuti zizibwerezabwereza. Kabokosi koti Use delay entered above for all frames musakachonge, kamafafaniza nthawi zonse zija mwalemba pamanja.

Save ndi Export si chinthu chimodzi. Save imasunga fayilo ya XCF yomwe ma layer anu onse ali bwinobwino, ndiye dinani Ctrl ndi S pafupipafupi, poti magetsi, kaya kuno kaya kutsidya kwa Mwami, amathima osatsanzika. XCF imeneyo muisunge ngakhale ntchito itatha, mwini malonda akadzakweza mtengo mudzangosintha fulemu imodzi.