Kuwerengera ulendo wa pandege kuchokera ku Mfuwe kupita ku Lusaka

Mwafunsa kutalika kwa ulendowu ndi nthawi imene umatenga. Choyamba, pofufuza pa intaneti lembani zilembo zoimira mabwalo awiriwa, MFU ya Mfuwe ndi LUN ya bwalo la Kenneth Kaunda ku Lusaka, kuti musasokoneze ndi mabwalo ena. Mtunda wake mumlengalenga ndi pafupifupi makilomita 440. Kenako gawani mtundawu ndi liwiro la ndege zazing'ono, lomwe ndi pafupifupi makilomita 450 pa ola, ndipo mukawonjezera mphindi zonyamukira ndi zoterera mupeza ola limodzi ndi mphindi zochepa. Chimene ambiri a ku Chipata amaiwala ndi msewu wopita ku Mfuwe, umene umadya pafupifupi maola 2 pagalimoto, choncho nyamukani m'mawa kuti mufike pabwalo ola limodzi ndege isananyamuke, chitupa chanu cha NRC chili m'manja.