Kusiya ndudu ndi kachigamba, chingamu kapena vepu

Chomwe chimakukolani mu fodya ndi nikotini, koma choononga mapapo nkubweretsa khansa kwambiri ndi utsi wa fodya wopsayo. Ndiye njira zonsezi cholinga chake nkukupatsani nikotini popanda moto.

Sankhani tsiku losiyira, ndudu zotsala mutaye, laita yomwe.

Ngati mumasuta ndudu zoposa 10 patsiku yambani ndi kachigamba ka nikotini komata pakhungu ka 21mg, kumata pamkono kapena pachifuwa mmawa uliwonse malo osinthasintha, kenako mutsikire pa 14mg, 7mg, zonse pamodzi masabata 8 mpaka 12. Koma chibaba chimabwerabe, makamaka mukangomaliza nsima kapena muli pa mowa ndi anzanu osuta, apa mpomwe chingamu cha nikotini chimagwira ntchito, ndipo kuphatikiza ziwirizi kumathandiza kuposa chimodzi chokha. Osachitafuna ngati cha pa golosale ayi. Tafunani pang'ono, mkamwa mukayamba kuyabwa ngati mwalawa tsabola chisungeni kutsaya, kuyabwako kukazilala tafunaninso, choncho mpaka theka la ola. Khofi ndi zoziziritsa kukhosi musamwe mphindi 15 musanayambe. Ambiri amene amati chingamu nchabodza amatafuna mothamanga nkumameza malovu, mapeto ake nseru ndi kutentha pamtima.

Za vepu izi, ndudu yamagetsi yotulutsa nthunzi m'malo mwa utsi. Kafukufuku wa ku England wa 2019 pa anthu 886 anapeza kuti patatha chaka, 18 mwa 100 a vepu anali atasiya ndudu, a chigamba ndi chingamu pafupifupi 10 okha. Komano mwa a vepu osiyawo 80 mwa 100 anali akuvepabe, ndiye konzekerani kutsitsa mphamvu ya nikotini pang'onopang'ono mpaka mudzayisiyenso. Pa kakomedwe, akuluakulu ambiri amasankha za zipatso kapena minti poti zimawaiwalitsa fungo la fodya, ine ndikuona kuti palibe cholakwika bola musinthiretu. Vepu kuntchito ndudu kunyumba, kumeneko sikusiya abale, ngakhale ndudu imodzi patsiku imaonongabe mtima.

Kukoma komweko ndi komwe kukukopa ana, chonde musasiye vepu pamene mwana angafikire, ndipo amene simusuta musayambe. Amene muli ku UK ma vepu otaya aja analetsedwa kuyambira 1 June 2025, gulani odzazanso, thandizo losiyira fodya ku NHS (zipatala za boma kumeneko) ndi laulere. Oyembekezera ndi odwala mtima yambani mwaonana ndi adokotala.